Lizulu: Malo Ake ndi Anthu Ake

Mawu oyankhulidwa pa mwambo wa Umhlangano, ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu

  Ndikuthokoza akuluakulu okonza mwambo uno chifukwa chondipatsa mpata woti ndiime pamaso panu.

Andipempha kuti ndifotokoze za malo amodzi a m'dziko la Ngwenyama pamodzi ndi anthu okhalamo, ndipo ndasankha Lizulu. Ambiri a inu mwadutsapo pobwera kuno. Ena munaimika galimoto nkugula mbatatesi ndi kabichi, ena mumapita kukhosini kukaonekera kwa mwini dziko. Koma ndi ochepa amene anayamba aimapo mwachifatse ndi kudzifunsa kuti malo amenewa anakhala bwanji, nanga anthu ake ndi angati. Funso loyambalo liyankhidwa ndi mapiri ndi mitsinje. Lachiwirilo ndi lovuta kuposa mmene limamvekera, ndipo ndi limene ndikufuna kuti tilitengere kunyumba lero.

Tiyambe ndi nthaka. Lizulu ali pa msewu waukulu wa M1, pafupifupi pakatikati pa boma la Ntcheu ndi boma la Dedza. Ali pamtunda wokwera, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Ndiye kuti munthu wochokera ku Golomoti kapena ku Monkey Bay amakwera mamita pafupifupi 1,000 asanafike pamsika wa Lizulu. Amene munatsikapo ndi msewu wa Khwekhwerere, wochokera pa Masasa kulowera ku Golomoti, mukudziwa kuti makutu amatseka ndipo juzi imene munavala pamwamba mumaivula musanafike pansi. Kumpoto kuli phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198. Kumadzulo, m'dziko la Mozambique, kuli phiri la Domwe. Kum'mawa nthaka imatsetsereka kulowa m'chigwa cha Livulezi ndi Bwanje, m'dera la Inkosi Ganya. Kumwera mtunda womwewu umapitirira kudzera ku Mlangeni ndi Biriwiri mpaka ku Tsangano, m'mapiri amene pa mapu amalembedwa kuti Kirk Range.

Kukwera kwa malowa ndiko kumalamula moyo wa anthu ake. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, nkhungu imakuta msewu m'mamawa, ndipo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Kuzizira komweko ndiko chuma cha Lizulu. Mbatatesi, kabichi, karoti, anyezi, nsawawa, nyemba ndi mapichesi zimakonda malo ozizira, ndipo madambo a kumtunda kuno amasunga chinyontho chokwanira kuti madimba alimidwe ngakhale m'chilimwe. Anthu a kuchigwa ali ndi usipa, mpunga ndi thonje, a kumtunda ali ndi ndiwo zamasamba, ndipo onsewo amafuna msewu wopita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Msika umamera pamene zosowa za anthu zakumana, ndipo pa Lizulu zinakumana. Matumba a mbatatesi amene amakwezedwa pa malole apa ndi amene mawa lake amakazingidwa pa ziwaya za m'matauni athu.

Pali chinthu china chimene diso silichiona msanga. Lizulu wakhala pa msana weniweni wa dziko, pamene madzi a mvula amagawikana. Mvula yogwa kum'mawa kwa msewu imatsikira m'timitsinje tothira mu Livulezi, nkukalowa m'nyanja ya Malawi, kenaka nkutuluka ndi mtsinje wa Shire. Mvula yogwa kumadzulo imatsikira m'mitsinje ya ku Angonia yothira mu Revubue, umene umakalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mtambo umodzi ukhoza kugwetsa mvula pa madenga awiri oyang'anizana, madzi ake nkuyenda maulendo awiri osiyana a makilomita mazanamazana. Komabe madziwo amakapezananso kumunsi, pamene Shire amathira mu Zambezi. Ife amene tasonkhana pa mwambo wotchedwa Umhlangano, ndiye kuti kukumana, tiyenera kuidziwa nkhani imeneyi.

Msana umenewu ndi umene unabweretsa malire. Pa 11 Juni 1891 maboma a Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana mbali ino ya Afirika. M'chigawo chino anagwirizana kuti malire atsate mzere wolekanitsa madzi opita ku nyanja ndi madzi opita ku Zambezi. Kwa anthu okhala ku London ndi ku Lisbon mzerewu unali wosavuta kuulemba papepala. Opanga msewu nawonso anakonda msana womwewo, chifukwa pamsana sipafuna milatho yambiri. Nchifukwa chake kuchokera cha ku Dedza mpaka cha ku Biriwiri, msewu ndi malire zimayendera limodzi mtunda wautali. Pa Lizulu munthu akhoza kugula tomato ku Malawi, nkuoloka msewu, nkukagula chitenje ku Mozambique, osatha ndi mphindi ziwiri zomwe. Kwacha ndi metikali zimadziwana bwino pamsika umenewu.

Koma pamene mzerewo unkalembedwa, pamsanapo panali kale anthu, ndipo sanafunsidwe. Eni nthaka akale anali Achewa ndi Antumba. Makolo athu Angoni a kwa Maseko anachoka kumwera kwa Afirika m'zaka za nkhondo za Shaka. Anaoloka Zambezi paokha, mosiyana ndi gulu la Zwangendaba limene linaoloka mu 1835. Motsogozedwa ndi Mputa anakafika mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mputa atamwalira, Chidyaonga anawabweza, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika mozungulira phiri la Domwe. Anasankha mtunda uno chifukwa unali ndi msipu wabwino, madzi osaphwa, ndi mphepo yozizira imene ng'ombe zimakondwa nayo. Kwa Chidyaonga ndi Chikuse, msana uno unali pakati penipeni pa dziko lawo. Chikuse anamwalira mu 1891, chaka chomwecho chimene azungu anasandutsa pakati pa dzikolo kukhala mphepete mwa maiko awiri.

Zimene zinatsatira tikuzidziwa, pakuti ndi zimene zatisonkhanitsa pa malo ano. Pa 27 Okutobala 1896 asilikali a boma la atsamunda anapha Inkosi Gomani I, ndipo manda ake ndi awa tawazungulirawa. Anthu ake anagawika: ena anakhala pansi pa Angerezi, ena pansi pa Apwitikizi, kumene ufumu unapitirira m'nyumba ya Zintambira. Mu 1921 Inkosi Philip Gomani II analowa ufumu kumbali ino, ndipo likulu lake linali pa Lizulu. Akuluakulu amatiuza kuti dzinali linachokera ku mawu achingoni akuti Lizwe la Zulu, dziko la Zulu. Dzina la Mlangeni nalonso limanena kumene tinachokera. Chingoni chinazilala m'kamwa mwathu, popeza makolo athu anakwatirana ndi eni dziko ndipo ana anayamwa chinenero cha amayi awo, koma maina a malo anakana kufa.

Malirewo analowanso m'mbiri ya ufumu mu 1953. Inkosi Gomani II anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe amene boma linkakakamiza. Boma linamuchotsa paudindo ndi kutumiza apolisi ku Lizulu kuti akamugwire. Anthu ake anamuolotsa malire pamodzi ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza m'manja mwa Angerezi. Inkosi anamwalira mu 1954 ndipo anaikidwa ku Lizulu. Anthu anaganiza zomuthawitsira kutsidya chifukwa kwa iwo kutsidyako kunali kwawo ndithu. Maboma awiri aja ndi amene anawakumbutsa kuti mzere wa 1891 unali ndi mano.

Tsopano tibwere ku funso lachiwiri lija: anthu a Lizulu ndi angati? Tiyambe ndi zimene kalembera wa boma amatiuza. Mu 1966 dziko la Malawi linali ndi anthu 4,039,583. Mu 2018 anali 17,563,749, ndiye kuti tinachuluka koposa kanayi m'zaka 52. Boma la Ntcheu linali ndi anthu 471,589 mu 2008, ndipo pofika 2018 anali 659,608. M'zaka khumi zokha munaonjezereka anthu 188,019, pafupifupi anthu 40 pa anthu 100 alionse amene analipo kale. Pa boma penipeni pa Ntcheu chiwerengero chinachoka pa 14,642 kufika pa 21,241. Kalembera yemweyo anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo oposa theka ndi ana osafika zaka 18. Angoni tinapezeka kuti ndife pafupifupi anthu 10 mwa 100 alionse.

Manambala amenewa ndi oona ndipo ndi ofunika, chifukwa ndi amene boma limagwiritsa ntchito pogawa aphunzitsi, mankhwala, mijigo ndi misewu. Koma wowerenga anthu wa boma la Malawi amalekezera pamsewu. Mnzake wa ku Mozambique, amene anawerenga anthu akwawo mu 2017, nayenso analekezera pamsewu womwewo kuchokera mbali inayo. Aliyense anagwira ntchito yake molondola monga mwa lamulo la dziko lake, koma palibe buku limodzi limene linalemba Lizulu yense. Komatu maliro akagwa kutsidya, olira amachokera mbali zonse ziwiri. Pali mabanja amene nyumba ili kuno, munda uli uko. Pali ana amene bambo awo ndi a ku Ulongwe, mayi awo ndi a ku Mlanda. A Maseko, a Ngozo, a Phungwako, a Phiri, a Banda ndi a Mbewe amapezeka mbali zonse, ndipo akakumana pachigayo amayankhula chinenero chimodzi. Chibale ndi fupa, sichiola.

Tsono Lizulu ali ndi ziwerengero zitatu. Choyamba ndi cha anthu amene amagona kumbali ya Malawi, ndipo ndi chokhacho chimene chili m'mabuku athu. Chachiwiri ndi cha anthu onse a m'midzi yozungulira, mbali zonse za msewu, amene amaona Lizulu ngati pamsika pawo, pachigayo pawo ndi polandirira chithandizo pawo. Chachitatu ndi cha tsiku la msika, pamene ngolo za ng'ombe, njinga, njinga zamoto ndi malole zimabweretsa khamu limene limafika kusanache ndi kubalalika dzuwa likamalowa. Khamu limenelo silikhala m'kaundula aliyense, koma limamwa madzi, limafuna zimbudzi, limasiya zinyalala, ndipo wina akadwala mwadzidzidzi amanyamulidwa kupita kuchipatala chapafupi popanda womufunsa kumene anagona dzulo. Tikamanga zinthu poyang'ana chiwerengero choyamba chokha, tidzakhala ngati mayi wophika nsima ya anthu asanu pamene pamphasa pakhala anthu khumi ndi awiri.

Akuluakulu amene muli pano munaona ndi maso anu mmene chiwerengero cha malo ano chingasinthire. Nkhondo yapachiweniweni itakula ku Mozambique, makamaka kuyambira mu 1986, anthu anathawira kuno mwaunyinji, mpaka dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1,000,000. M'maboma ena anamangiridwa misasa, koma kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri anangolandiridwa m'midzi, pakhomo pa achibale awo. Amene ankayenda pa M1 masiku amenewo amakumbukira masitolo opanda madenga kumadzulo kwa msewu, ndi tinyumba tothithikana kum'mawa kwake. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo minda ya ku Angonia inadzukanso. M'zaka zina za njala zimene zinatsatira, chimanga cha kutsidya chinapulumutsa mabanja ambiri a kuno. Amene tinawapatsa pogona anadzatipatsa chakudya.

Nanga kuchuluka kumeneku kukutanthauza chiyani pa nthaka? Tiyerekeze agogo amene anali ndi munda wa maekala 8, nagawira ana awo anayi. Aliyense analandira maekala 2. Anawo akagawiranso ana anayi aliyense, mdzukulu alandira theka la ekala. Kaya banjalo limatsata chikamwini, kaya chitengwa, kaya linapereka lobola, masamuwo sasintha, pakuti munda subereka munda unzake. Ngati chiwerengero cha Ntcheu chipitirira kukwera monga chinachitira pakati pa 2008 ndi 2018, ndiye kuti chidzawirikiza kawiri m'zaka zongopitirira pang'ono 20. Mwana amene wabadwa chaka chino adzaona zimenezo asanamange banja lake. Nchifukwa chake khasu lakwera m'mapiri mmene kale munkadya ng'ombe, lalowa m'madambo mpaka pakamwa pa kasupe, ndipo anyamata athu ambiri athera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, monga mmene agogo awo ankapitira ku Salisbury ndi ku migodi ya Wenela. Makola amene anali ulemu wa Mngoni achepa, chifukwa ng'ombe yasowa podya.

Apa ndi pamene nkhani ya malo ndi nkhani ya anthu zimakumana. Wokhala pa msana wa dziko amakhala kumutu kwa mitsinje, ndipo chimene wachita pamunda pake chimakamveka kutali. Mtengo wodulidwa pamwamba pano umasanduka matope mu Livulezi ndi madzi osefukira m'midzi ya kuchigwa. Umboni tili nawo m'boma lathu lomwe lino. Mu 2018 damu la Mpira, limene limalandira madzi kuchokera m'nkhalango ya Mvai, linaphwa, ndipo mipopi inauma m'madera ambiri a Ntcheu mpaka ku Balaka. Anthu amene anasowa madziwo ambiri sanalionepo phiri la Mvai, koma analipira mtengo wa nkhwangwa za anthu ena. Lizulu ali ndi udindo wotere kawiri, chifukwa madzi ake amatsikira kumaiko awiri. Moto wolusa ukabuka kutsidya sufunsa chiphaso pooloka msewu, ndipo chigumula cha kuno sichidziwa chipilala cha malire.

Sindikunena kuti malire achotsedwe. Malamulo a maiko awiriwa tiyenera kuwalemekeza, ndipo wopita kutali adzere pa chipata cha Dedza kapena cha Biriwiri ndi zikalata zake. Chimene ndikunena nchakuti pali ntchito imene boma lililonse palokha silingaithe, koma ufumu ungaithe, chifukwa ufumu unalipo mzerewo usanalembedwe. Choncho, mwa ulemu wonse, ndikupereka mapempho atatu pamapazi a Ngwenyama ndi makhosi.

Loyamba, mudzi uliwonse ukhale ndi buku lake. Mafumu amasunga kale kaundula wa anthu awo. Tionjezeremo maina a akasupe, madambo, timapiri, manda ndi mabwinja, pamodzi ndi mfunda za mabanja ndi midzi ya kutsidya kumene kuli abale awo. Ife aphunzitsi tili ndi ophunzira amene amaloweza mitsinje ya maiko akutali koma sangatchule kasupe amene amamwa. Atumeni kwa agogo awo ndi kope ndi cholembera pa tchuthi, ndipo tidzawathandiza kulongosola zimene apeza. Nkhalamba iliyonse imene timaika m'manda imapita ndi maina amene palibe wina akuwadziwa.

Lachiwiri, makhosi a mbali zonse ziwiri agwirizane za mitu ya mitsinje. Pakhale mtunda wodziwika kuzungulira kasupe aliyense pamene khasu ndi nkhwangwa siziloledwa, ndipo chindapusa cha wophwanya chikhale chofanana kuno ndi kutsidya, kuti wina asathawire mbali inayo. Makolo athu ankasunga nkhalango za kumanda popanda wapolisi, ndipo mpaka lero mitengo yakale kwambiri m'midzi yathu ili kumanda. Mphamvu imene inasunga mitengo imeneyo ikhoza kusunganso akasupe.

Lachitatu, pamene akuluakulu a khonsolo ndi aphungu athu akukonza za msika, madzi, zimbudzi, sukulu ndi chipatala pa Lizulu, mafumu awakumbutse ziwerengero zitatu zija. Wowerenga anthu akadzabweranso, tidzamulandire bwino ndi kumuuza zoona, osabisa mwana kapena mlendo wogona pakhomo, chifukwa munthu wosawerengedwa sapatsidwa gawo. Komanso ana athu onse alembetsedwe akangobadwa, makamaka a m'mabanja a mbali ziwiri, kuti asadzakule opanda dziko lowavomera.

Kwa inu achinyamata amene mwavala zikopa ndi kunyamula zishango lero, ngoma imene mukuvinayi imafuna bwalo, ndipo bwalo ndi nthaka. Mukhoza kusunga nthenga, mikanda ndi nyimbo, koma mukataya mtunda umene Chidyaonga anausankha chifukwa cha msipu ndi madzi ake, mudzavinira pafumbi la eni ake. Phunzirani, pitani kutali ngati mpata wapezeka, koma dziwani dzina la phiri limene lili kuseri kwa nyumba ya amayi anu, ndipo dziwani kumene madzi ake amapita. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Kwa inu abale a ku Angonia, mwayenda ulendo wobwera kwanu. Mukamabwerera madzulo ano nkufika pa Lizulu, mudzakhotera kumadzulo, ena a ife tidzakhotera kum'mawa, monga imachitira mvula ya pamsana paja. Tikasamale akasupe, aliyense mbali yake, kuti chaka chamawa tidzakumanenso pano tili ndi chouza Ngwenyama.